Khutu Lakuba la Lyson Namaona

Umphawi wa Lyson Namaona unkadziwika kuyambira pa Limbuli mpaka kumalire a Muloza. Anali mkamwini kwawo kwa mkazi wake Esteri, m'kanyumba kamene kankadontha pamalo oyala mphasa penipeni. Iye ankasesa ndi kutsuka matambula ku kalabu ya azungu a pa esiteti ya tiyi, pamene Esteri ankathyola tiyi, dengu kumsana, kuyambira mame asanakamuke. Chuma cha Lyson chinali gitala yong'aluka pamimba, imene nsambo zake ziwiri zinali mawaya a mabuleki a njinga.

Koma kuimba ankaimba, tisamunamizire munthu. Anali ndi khutu lakuba: chilichonse cholowa m'khutu mwake chinkatulukira kuzala. Anakulira pamapazi pa malume ake a Pilato, oimba bangwe, amene ankasunga nyimbo zachilomwe zimene makolo anabwera nazo kuchokera kwa Apwitikizi. Ku tchalitchi anatolako kalukidwe ka mawu a kwaya. Pa wailesi ya ku Lorenso Maki anatolako kulira kwa gitala yamagetsi. Kenaka mu 1973 mwana wa manijala anabwera ku tchuthi kuchokera ku Mangalande ndi zimbale za anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, tsitsi limene kuno masiku amenewo likanakugonetsa kupolisi. Nyimbo imodzi inkadzaza mbali yonse ya chimbale. Inkayamba ngati ya pamaliro, n'kusanduka nkhondo, n'kudzaziziranso. Lyson anaima pakhonde ndi tsache m'manja mpaka kuiwala chimene anadzera.

Kuyambira pamenepo anayamba kupeka zake zazitalizitali, kusakaniza kagundidwe ka ng'oma za tchopa ndi za azungu zija. Vuto linali la ovina. Munthu atangoti wagwira sitepe, Lyson wasintha kale, mwendo wa mwiniwake n'kutsala m'malere. Pamowa anamupatsa dzina loti Sizitha, ndipo akangotulutsa gitala anthu ankakumbukira kuti anasiya mbuzi kudambo.

Tsono panali Chester Mulipa, mnzake wa paubwana, amene Lyson yemweyo anamuphunzitsa kuika zala pa banjo ya chigubu. Chester ankadziwa makiyi atatu basi, ndipo nyimbo zake zinkatha madzi a tiyi asanawire. Imodzi, yonena za mkazi wopsereza nyemba, inalowa pa wailesi. Pasanathe chaka Chester anali ndi nyumba ya malata ndi njinga yamoto, mkazi wake akuyenda pa nsapato ngakhale popita kuchitsime. Ankaima pakhomo pa Lyson injini ikulira, n'kufunsa akuseka, "Alamu, nyimbo ija munayamba Lachiwiri ija yafika pati?"

Chester ankangocheza, koma Lyson nsanje inamulowa. Ankaloweza nyimbo za mnzakeyo kuti azipezere zifukwa. Akamva njinga yamoto, ngakhale ya kapitawo, chakudya chinkamuwawira m'kamwa.

Esteri naye anali ndi mawu okoma, ndipo ankaimba kwaya ya amayi. Anali ndi kanyimbo kamodzi kachilomwe kamene anamusiyira malemu mayi ake. Ankakang'ung'udza akamaphika kalongonda, nyemba zija zimatenga tsiku lathunthu pamoto. Lyson ankadziwa pansi pa mtima kuti sanamvepo nyimbo yokoma kuposa imeneyo, koma Esteri anamuletseratu: "Iyi ndi ya mayi anga. Musadzaiike m'zanu zosathazo." Ndiye taganizani mmene zinamupwetekera tsiku lina atabwera kuntchito n'kupeza Esteri yemweyo akutsuka mbale, uku akuimba ya mkazi wopsereza nyemba, chiuno chikugwedezeka.

"M'nyumba mwanga muno?" anatero Lyson.

"Nanga nditani, bambo? Imakakamira pakamwa yokha."

M'mawa mwake Lyson sanapite kukalabu. Anakolekera gitala kumsana n'kuyamba kukwera phiri la Mulanje kulunjika ku Chambe, kumene ankamva kuti kuli a Khoviwa, ocheka matabwa a mkungudza, amenenso ankakhwimitsa anthu. Anawapeza dzuwa lili paliwombo, ali okha pambali pa dzenje lochekera, akunola sowo ndi tupa. Anali munthu wochepa thupi, waukhondo, wolankhula motsitsa ngati mkulu wa mpingo.

"Mwakwera phiri lonseli opanda nkhata ya pamutu," anatero osadzutsa maso. "Ndiye kuti simunadzere matabwa."

"Ndamva kuti mumathandiza anthu."

"Ambiri amati akufuna chuma. Ukawayang'anitsitsa, akufuna kuti mnzawo agwe. Inu mwadzera ziti?"

Lyson anati, "Zonse ziwiri."

"Mwayankha bwino. Nyimbo zanu mumazitenga kuti?"

Apa Lyson anamasuka, poti palibe anamufunsapo funso limeneli. Anafotokoza za bangwe ya a Pilato, za kwaya, za wailesi, za zimbale za azungu. Tupa inkangolira pa mano a sowo, limodzilimodzi.

"Ndiye kuti yanuyanu mulibe," anatero a Khoviwa. "Musachite manyazi, mankhwala anga amakonda anthu otere. Chizimba chake n'chimodzi. Chaka chilichonse, mvula yoyamba isanagwe, muzitulutsa nyimbo yatsopano. Mtima wa nyimboyo muziutenga pakamwa pa munthu wamoyo, woti mumamudziwa, iyenso amakudziwani. Za pa wailesi ndi za azungu anuwo sizigwira. Mukangoiliza pagulu, anthu adzakutsatani ngati nyerere pa shuga. Koma pakamwa pamene mwaitengapo padzatsekeka."

"Kutsekeka motani?"

"Mudzaona."

"Nanga chaka china ndikapanda kutulutsa?"

"Padzatsekeka panu."

Lyson anati, "Ndiyamba ndi Chester."

"Ayi. Woyamba ndi amene anakuphunzitsani. Mankhwala amayamba alawa zokoma, zowawa amadya pambuyo." Anaika tupa pansi n'kumuyang'ana koyamba. "Ndipo mudziwiretu, iwo sasiyanitsa kuti iyi mwaliza dala, iyi mwaliza mwangozi. Njira yotsikira ndi yomwe mwadzerayo. Mukhoza kupita tsopano, sindikusungirani mangawa."

Lyson sanapite. A Khoviwa anamutemera mphini kuseri kwa makutu ndi pa zala za kumanzere, namuikira kachithumwa m'mimba mwa gitala. Potsika phiri ankadzilimbitsa mtima kuti malume akalamba kale, ndipo analumbira kuti kanyimbo ka Esteri kokha sadzakakhudza mpaka imfa.

Anasankha nyimbo ya a Pilato yonena za anthu owoloka mtsinje wa Ruo ana ali kumsana. Anaitambasula, naikulungira m'zake zija, n'kukaiimba Loweruka masana pabwalo la mpira la pa esiteti. Anthu omwe aja ankathawira mbuzi anaima ngati zitsa. Amayi analira, abambo anavula zipewa, ndipo nyimbo itatha anamuumiriza kuti aibwereze yonse. Mwini mabasi wina wa ku Limbe amene anali pomwepo anamulonjeza magitala amagetsi ndi zokuzira mawu.

Lamulungu m'mawa a Pilato anadzuka mawu palibe. Ankatsegula pakamwa, kumangotuluka mpweya. Patapita masiku atatu phala linayamba kukana kutsika, kenaka madzi. Kuchipatala anawaunika kukhosi osapeza kanthu. Anatha ngati kandulo milungu itatu, ndipo Lyson akalowa kudzawaona, maso a nkhalambayo ankamutsata mpaka pakhomo. Pamaliro Lyson analira kuposa onse, ndipo ndikhulupirira kuti misozi ina inali yoona.

Chuma chinabwera ngati madzi a Ruo m'dzinja. Anasonkhanitsa oimba anayi n'kukhazikitsa Mkungudza Bandi. Chimbale chinatuluka, ndipo a wailesi, amene ankati nyimbo yaitali imadya nthawi ya nkhani, ankaiulutsa yonse. Anamanga nyumba ya njerwa pa Limbuli, natsegula golosale, nagula galimoto. Esteri anatula dengu la tiyi. Dzina la Sizitha linasanduka laulemu, mpaka kulilemba pa chitseko cha galimoto.

Mwina mukuganiza kuti nsanje inathera pamenepo. Ayi ndithu. Chaka chotsatira, mitengo itayamba kuphukira, Lyson anapita kwa Chester ngati wokacheza. Chester anamuphera nkhuku. Zake zinali zitayamba kuzilala, njinga yamoto ili pamiyala, koma ankaseka monga kale, ana akumukwera m'mapewa.

"Alamu, ine ndinkadziwa kuyambira kale kuti woimba ndi inu," anatero Chester. "Ine ndimangobwereza tizinthu titatu timene munandionetsa tija. Tamverani kamene ndikupeka aka, mundiuze ngati kali bwino."

Munthu wina akanachita manyazi. Lyson anayang'ana ana aja, nayang'ana mmene Chester ankasekera ndi mtima wonse, pamene iye Lyson chikhalirecho tulo anali atasiyana nato, ndipo zinamuwawa kuposa njinga yamoto ija. Anatchera khutu. Patatha milungu iwiri anaiimba nyimboyo pa Nkando, ndipo mwezi usanathe Chester anaikidwa m'manda, atauma ngati chinangwa cha makaka. Chomvetsa chisoni n'chakuti Lyson sanapezepo mpumulo. Pamsika anthu ankaimbabe mluzu wa mkazi wopsereza nyemba, pamene zake, ngakhale ankazilirira pabwalo, palibe ankatha kuziimba poyenda.

Chaka chachitatu anatenga ya Rosie, mayi amene ankatsogolera nyimbo m'munda wa tiyi. Chachinayi anatenga ya mlamu wake wina woimba pa tchopa. Anthu a ku Mulanje si ana. Anayamba kulumikiza: nyimbo yatsopano ya Sizitha ikamveka, mwini wake weniweni amadzuka wosalankhula. Poyera palibe ankanena, poti masiku amenewo pakamwa pankasungidwa bwino, komanso munthu wa galimoto anali ndi anzake m'malo akuluakulu. Anangosiya kuimba iye ali pafupi. Galimoto yake ikatulukira, amayi othyola tiyi ankadula nyimbo pakati. Akalowa m'tchalitchi, kwaya inkagwidwa chifuwa. Koma bandi ikabwera ankakhamukirabe kubwalo, akudziwa zonsezo, miyendo ikuwatenga yokha.

Kunyumba Lyson anaika lamulo loti Esteri asamaimbe, ngakhale kung'ung'udza.

"Mwatsala nokha woimba m'dziko muno?" anafunsa Esteri.

"Ndati usamaimbe basi."

"Mukuopa chiyani, bambo? Ya mayi anga ija munaimva kale kambirimbiri. Ngakhale nditasoka pakamwa lero, ili m'mutu mwanumo." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "A Pilato, a Chester, Rosie. Anthu akunena, ine ndimawatsutsa. Ndiziwatsutsabe?"

Lyson anangotuluka panja.

Mu Okutobala wa 1978 kunatentha koopsa, mitambo n'kuyamba kuunjikana pamwamba pa phiri. Lyson analibe nyimbo. Anazungulira m'misika, m'maukwati, m'zigayo, koma paliponse pamene ankamudziwa ankamulandira ndi chete. Kukhosi kwake kunayamba kuthina, moti tiyi ankameza mochita kukankha. Ndipo m'mutu mwake, poyenda, podya, posamba, munkangolira kanyimbo kamodzi kokha, ka pa mphika wa kalongonda.

Anakweranso ku Chambe. A Khoviwa anali pamwamba pa chipika, akuchonga mzere ndi chingwe cha makala.

"Ndabwera kudzabweza," anatero Lyson. "Tengani galimoto, nyumba, zonse."

"Galimoto ndiyendetsa pati kuno?"

"Chotsani mankhwalawa. Kwatsala mkazi wanga yekha."

"Ndiye kuti nyimbo muli nayo. Mukudandaula chiyani?" Anakoka chingwe n'kuchisiya, mzere wakuda n'kutsala pa chipika. "Ine ntchito yanga n'kucheka, bambo. Kulumikiza sindinaphunzire. Mvula ikubwera Loweruka, ndikuimva m'mawondo."

Lyson anatsika atatsimikiza mtima kuti apeka yakeyake, yosatenga kwa munthu, mwina mankhwala n'kunamizika. Anadzitsekera masiku anayi ndi gitala. Chimene anatulutsa chinali ndi mutu ndi miyendo, koma mtima chinalibe, ndipo iye ankadziwa.

Loweruka masana bwalo la pa Nkando linadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo ya mango. Kumwamba kunali bii, mphepo ikununkha mvula. Bandi inayamba nyimbo yatsopano ija. Anthu anamvetsera pang'ono, kenaka anayamba kucheza. Ogulitsa nzimbe anayambiranso kuitanira malonda. Kumbuyo wina anaimba mluzu wa mkazi wopsereza nyemba, anzake n'kuseka. Lyson anati akweze mawu, kukhosi kunakana.

Tsono nyimbo za Lyson zinali ndi chizolowezi chimodzi. Pakati pake oimba ena onse ankatsitsa zida, iye n'kutsala yekha ndi gitala, osakonzekera, kungotsata kumene zala zikupita. N'chimene ankanyadira kuposa zonse, ndipo ankati woimba weniweni amaonekera pamenepo. Anafika pamalo paja thukuta lili kamukamu. Zala zinayendayenda, kusaka, kubwerera, kenaka zinagwera m'njira imene zinkaidziwa ngakhale zinali zisanayendemo.

Bwalo lonse linati zii.

Ena amati zala zinapita zokha, iye osadziwa. Mzere woyamba, mwina. Koma amene anali kutsogolo amanena kuti pa mzere wachiwiri anatsegula maso, nkhope yake n'kusintha, dzanja n'kuima m'malere. Akanatha kulekera pomwepo, kaya zikanathandiza kaya ayi. Anayang'ana khamu lija. Wa mluzu uja anali atagwira pakamwa, ogulitsa nzimbe ataimirira, amayi misozi ili mbwembwembwe. Chester sanayang'anidwepo choncho moyo wake wonse. Kukhosi kwa Lyson kunamasuka ngati wamasula tayi. Anatsitsa dzanja n'kuiliza yonse nyimbo ya Esteri ija, naibwereza katatu, madontho oyamba a mvula akugwa pa zokuzira mawu.

Anathamangitsa galimoto m'matope mpaka pa Limbuli. Anapeza Esteri atakhala pakhomo la khitchini, mphika uli pamafuwa, moto utazima. Mayiyo anadzutsa mutu n'kutsegula pakamwa kawiri, osatuluka kanthu. Sanalire. Anangoloza wailesi imene inali pawindo, poti tsiku limenelo ankaulutsa kuchokera pabwalo pomwepo, ndipo anali atamva yekha.

Lyson anamutengera ku zipatala zitatu ndi kwa asing'anga osawerengeka. Anaphwanya gitala ija ndi nkhwangwa n'kutentha kachithumwa. Esteri anatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Masiku onsewo mwamuna wake akalowa, iye ankatembenukira kukhoma.

Maliro anachitikira kwawo kwa Esteri. Anthu anabwera ambiri, amayi a kwaya atavala zoyera zawo, koma kuyambira pasiwa mpaka bokosi kutuluka m'nyumba panalibe nyimbo. Kunkangomveka mapazi ndi kutsokomola. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno ngakhale wakuba amaimbiridwa. Pofika kumanda bokosi linaikidwa pambali pa dzenje, abusa anatchula nambala ya nyimbo, koma palibe anayambitsa. Anatchulanso. Amayi anangozyolika.

Pamenepo a Samueli, mkulu wa mpingo, anapita pamene panakhala Lyson n'kugwada pambali pake mwaulemu.

"Bambo Namaona, pepani. Amayi akuti saimba inu muli pano."

"Ndi mkazi wanga."

"Tikudziwa. N'chifukwa chake tikukupemphani. Mayiyu waimbira anzake ambiri pamalo ano. Musamulande iyinso."

Lyson anayang'ana uku ndi uku kufuna womuikira kumbuyo, koma ngakhale oimba a bandi yake anayang'ana pansi. Anadzuka. Anthu anapatuka kumupatsa njira yaikulu kuposa imene munthu mmodzi amafuna. Anadutsa m'minda ya nandolo, nawoloka khwawa, nakwera mtunda wa tiyi wa tsidya lina. Atafika pamwamba anatembenuka, n'kuona kuti onse akumuyang'anabe, akudikira. Anamvetsa. Anatseka makutu ndi zala, zolimba, mpaka kumva kugunda kwa mtima wake wokha. Ali chomwecho anaona patali milomo ya amayi ikutseguka pamodzi, matupi akuyendera kumodzi, bokosi likutsika. Mkazi wake anaimbiridwa nyimbo zisanu ndi imodzi, iye osamvako ngakhale liwu.

Zala zija sanazichotsenso msanga. Anamupeza mawa lake ali pomwepo, ndipo atamugwira manja anakuwa ngati amuwotcha. Mutu unali utasokonekera. Golosale inatsekedwa, galimoto inaolera pabwalo, nyumba palibe anafuna kugonamo. Kwa zaka zambiri ankayenda pakati pa Limbuli ndi Nkando, makutu atatsekamo nsanza n'kumanganso chitenje pamwamba. Akaona ana asukulu akuimba, kapena mayi akutonthoza mwana kumsana, ankathawira m'tchire akugwedeza manja kuti asiye. Anafera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu chaka cha 1986, ndipo anamuika a boma.

Abale anga, Lyson luso anali nalo, lake lobadwa nalo, ndipo anali ndi anthu omukonda amene ankamupatsa nyimbo zawo ndi manja awiri. Chinamupha n'kulephera kupirira kuona mnzake ali pabwino. Dyera ndi nsanje zikakutuma kwa munthu wa zizimba, iye sakupatsa kanthu kochokera m'thumba mwake. Amatenga kwa malume ako, kwa mnzako, kwa mkazi wako, n'kukupatsa iwe kuti unyamule. Dyani thukuta lanu, lichepe lichuluke, ndipo mnzanu zikamuyendera musiyeni ayende.